Shoo Imene Lamson Anaiphonya

Felesta anali atavala mahedifoni m'galaja, maso ali tsinzi, ndipo mwamuna wake Lamson ankamuyang'ana ngati m'busa amene wangobatiza mfiti.

Chonyadira chinalipo. Zaka zonse za banja lawo mu Perth, ku Australia, Felesta ankati nyimbo za rock ndi phokoso la anthu okhoma malata. Ndiye Lamson sankakonda rock wamba. Munthu wamkulu, katswiri wa miyala ku mgodi, nyimbo zojambulidwa bwino mu situdiyo sankazifuna. Ankasonkhanitsa zomwe anthu amajambula mozemba ali m'kati mwa shoo, kachipangizo kali m'thumba la jekete. Gitala kumveka ngati ali m'chitsime, wina akutsokomola pambali, Lamson n'kumati chuma ndi chimenechi. Makaseti ndi ma CD anadzaza galaja, galimoto n'kumagona panja.

Banja linali litatsala pa "mwadya?" ndi "ndadya". Felesta anali atatchulapo zokakhala kwa mkulu wake ku Murdoch, ndipo Lamson ankaopa zimenezo kuposa imfa. Iye ankamufuna ndithu mkazi wakeyo, kungoti nthawi yomufunira inkasowa.

Kenako mliri wa korona unafika. Mashoo anatsekedwa, kampani inamuuza kuti azigwirira ntchito kunyumba. Tsiku lina ali pa foni ya kuntchito, anasiya nyimbo zikudzilirira zokha. Felesta analowa ndi tiyi, n'kuima. Inali shoo ya nkhalamba zina za ku England, zotchuka m'ma 1970, zomwe zinadzaimba mu Perth mliri usanayambe. Anamvetsera mpaka tiyi kuzizira.

"Imeneyi ndi iti?" anafunsa.

"Ija ndinaiphonya, mayi a Tamandani. Ndinali ku mgodi sabata imeneyo. Mpaka lero zimandiwawa."

"Ilipo ina yomveka bwinoko?"

Lamson anangotsala pang'ono kulira. Tsiku lomwelo sukulu ya Lamson inatsegulidwa m'galajamo. Anamuphunzitsa kuti shoo imodzi imajambulidwa ndi anthu angapo, aliyense pamene waima. Wakutsogolo amakola gitala, wakumbuyo amakola ng'oma, wapakati amakola chilichonse. Katswiri amaziika pamodzi n'kuyerekeza. Iye mwini, nyimbo ikangotha, ankadumphira pa ina msangamsanga, poti kuwomba m'manja ndi kukuwa kwa anthu wamba analibe nako nthawi. Felesta, pokhala wophunzira, ankamvetsera zonse, ndi zopanda pake zomwe. Lamson ankamumvera chisoni, koma ankadziwa kuti aliyense amayambira pansi.

Yoyamba ija Felesta anati ikumveka patali. Lamson analembera anzake a pa intaneti, mpaka wina wa ku Germany, kupempha zojambula zina za shoo yomweyo. Ina ikafika, ankaika zala ziwiri m'kamwa n'kuimba likhweru lake lija lokwera katatu n'kugwa, lomwe anachoka nalo ku mabwalo a mpira ku Blantyre. Agalu a aneba anali atalizolowera. Felesta ankavala mahedifoni, kumvetsera, kupukusa mutu. Iyi yajambulidwira kumanzere. Iyi mphepo. Iyi wojambulayo ankadya chinachake. Khutu la mayiyo linali litakula, ndipo mphunzitsi wake sankabisa kuti ndi ntchito ya manja ake.

Lamlungu lina, pa mapemphero a pa Zoom, Lamson anapereka umboni kuti Mulungu wadutsira mwa mliri kukonza banja lake. Dinnah, mnzake wa Felesta wa kukwaya, amene sankasowa pakhomopo mliri usanabwere, analulutira nthungululu yake yodziwika ija yothera ndi "eee Ambuye!" mpaka mafoni kunjenjemera. Felesta anangoti ameni.

Yomwe Felesta ankamvetsera lero inachokera kwa Bennett, mzungu wokonza mafiriji ku Malaga, dera lina la mu Perth momwemo, amene usiku wa shooyo anaima pakati penipeni pa gulu. Bennett sankagulitsa, ankasinthanitsa. Lamson anapita yekha atavala masiki, n'kukasiya kaseti yomwe ankalumbira kuti sangampatse ngakhale mwana wake Tamandani. Banja ndi kudzipereka, anadziuza choncho m'njira, ndipo anadzisilira.

Felesta anamvetsera nkhope osasintha. Anabweza. Anabwezanso. Kenako anavula mahedifoni, n'kuzula chingwe kuti zimvekere pa masipika.

"Iyi ndiye yomveka," anatero. "Khalani pansi, bambo a Tamandani, timvere limodzi."

Lamson anakhala, mtima uli mbee. Gitala analira bwino kwabasi, ndipo anafotokoza chifukwa chake, ngakhale panalibe amene anamufunsa. Nyimbo itatha, dzanja lake linanyamuka lokha kuti likadumphe. Felesta analigwira. Kanali koyamba chaka chimenecho kumugwira dzanja, moti Lamson anamwetulira.

M'masipikamo azungu anawomba m'manja. Pafupi penipeni ndi jekete la Bennett, likhweru linakwera katatu n'kugwa. Pambali pake, pakati pa khamu lonse lija la azungu, nthungululu inang'amba mlengalenga n'kuthera ndi "eee Ambuye!"

"Mgodi wanu uli ndi kwaya yabwino," anatero Felesta, akutola makiyi a galimoto ija yogona panja.