Khanda Limene Sefa Inameza

Chiyambire pamene boma linalamula kuti foni iliyonse izikhala ndi sefa yochotsa phokoso, Nasimango sankamvanso za kumalo kumene mwamuna wake Dafuleni ankakhala. Kale Dafuleni akaimba kuchokera ku migodi ya ku Tete, kumbuyo kwake kunkamveka malole ndi anzake akuseka, mtima wa Nasimango n'kukhala m'malo. Tsopano ankangomva mawu a mwamunayo okhaokha, osalala ngati a pawailesi.

Sefayo inkachita kuphunzira. Phokoso lachilendo inkalilola kudutsa kwa masiku angapo, koma ikalizolowera inkalimeza nthawi yomweyo. Ngakhale mwana wawo Tamanda, kuti bambo ake amumve, ankayenera kuyandikiza foni pakamwa ndi kulankhula modekha, apo ayi sefa inkamuyesa nkhuku za pakhomo.

Lamulungu lina masana, akukambirana za malata a nyumba, khanda linayamba kulira kumbali ya Dafuleni. Kulirako kunaduka kusanafike patali.

"Bambo a Tamanda, mwana ameneyo ndi wa yani?"

"Ndi wa alendo, angofika lero kwa aneba," anayankha Dafuleni mofulumira.

Nasimango anakhala pansi pakhonde. Akanakhala wa lero, sefa ikanamusiya alire mpaka atope. Mwana ameneyu inkamudziwa bwino.

"Muyandikizeni ku foni," anatero motsitsa mawu. "Ndimumveko m'bale wake wa Tamanda."

Kumbali inayo kunangoti zii. Anadikira foni ili kukhutu, osadziwa ngati wakhala cheteyo ndi mwamuna wake, kapena sefa yayamba kumumeza nayenso.