Mwendo Wamanzere

Sipayo, msilikali wa boma la Apwitikizi, anaponya buluku pa makina osokera a Che Bwanausi pakhonde la sitolo ku Insaca.

"Telala amene anasoka ili anali ataledzera. Mwendo wamanzere ndi waufupi. Utalikitse, mdala."

Che Bwanausi anatembenuza bulukulo. Msoko unali wawo. Pepala lodulira analikonza okha kuchokera ku thumba la simenti, nalipinda zala zitatu kumanzere ndi kutsitsa chiuno mbali imodzi, kuti mwana wawo Masudi, wotsimphina chibadwire, akaima buluku lizigwa mowongoka ngati la anzake. Masudi anali atavala lomweli tsiku limene asipayo anamutenga kukakumba msewu.

"Mwini wake ali kuti, bwana?"

"Mwini wake ndine."

"Ndikunena amene ankavala kale."

Sipayoyo anakhala pa benchi n'kuyatsa fodya.

"Uja? Anayesa kuthawa. Ndi mwendo umenewo, tangoganiza. Tisanamuwombere tinamuleka afike kaye pamtengo wa mango kuti anzake asekeko."

"Munamuika kuti?"

"Ine ndabwerera buluku. Loweruka ndikukwatira. Litheka kapena ndipite kwina?"

Che Bwanausi anatola chingwe choyezera. Kenako anagwada, nayeza mwendo wa sipayoyo kuyambira m'chiuno mpaka pa kakolo. Anatenga lumo n'kuyamba kusomola mpendero, ulusi umodziumodzi.

Nsalu inakwana. Posoka paja anapindiramo yambiri, poti mnyamatayo anali akukulabe.