Impso ya Esinati

Lamulo linali loti wopereka impso azikhala pakhomo pa wolandira mpaka chaka chithe. N'chifukwa chake m'mawa uliwonse Elufe ankayala mphasa ziwiri pakhonde, ina ya mwamuna wake Malizani, ina ya Esinati, mkazi amene Malizani anamufunsirapo kalekale koma anakanidwa.

Impso za Malizani zitafa, Elufe ndiye anayamba kudzipereka kuti amupatse yake, koma makina akuchipatala anati chibadwa cha magazi ake sichikugwirizana ndi cha mwamuna wake. M'mudzi monse amene magazi ake anagwirizana ndi a Malizani anali Esinati yekha, ndipo anapereka impso yake.

Tsopano awiriwo ankavala tizibangili tofanana toyeza kuthamanga kwa magazi. Mchere anawaletsa onse, choncho ankapisa m'mbale imodzi ya ndiwo zosakoma, uku akuseka. Elufe ankadya zamchere payekha, koma sizinkatsika.

Tsiku lina kachibangili ka Malizani kanafiira. Namwino atafika anamuyeza, n'kupukusa mutu.

"Mtsempha wopita ku impsoyi wayamba kutsekeka. Apite ku chipatala chachikulu lero lomwe. Wowadikirira akhale mmodzi."

Esinati anali atamanga kale chitenje.

"Achemwali, ndipite ndine. Impsoyo ndimaidziwa."

"Munkaidziwa ili mwa inu," anatero Elufe. "Panopa ili mwa amuna anga."



M'galimoto ya odwala, Elufe anaika dzanja pachipsera cha m'munsi mwa mimba ya mwamuna wake. Pansi pa chikhatho chakecho panali nyama ya mkazi wina, ndipo popanda nyamayo iyeyo akanakhala wamasiye. Anatsinzina, nayamba kuipempherera kuti isafe, uku akukukuta mano.