Makiyi Onse Anali Tsidya Lina

Panali bambo wina wowotcherera zitsulo, anthu ankangomutchula kuti a Sizithyoka. Dzinali analipeza chifukwa cha pakamwa pake. Akamaliza chitseko ankachimenya ndi nyundo kasitomala akuona, n'kunena kuti, "Zanga sizithyoka." Ndipo sankanama. Ntchito ankaidziwa bamboyu, koma makani ndiye anachita kubadwa nawo.

Ankakhala kumunsi kwa tauni, pafupi ndi mtsinje, ndi mkazi wake, ana awiri ndi mayi ake okalamba. Chaka china akuba anamulowera kudzera padenga n'kumusesa yense. Ndi mkwiyo, anawotcherera zitsulo m'mawindo onse, zina anayala kunsi kwa malata, khomo lakuseri n'kulitseka ndi njerwa. Kumaso anaikako chitseko chachitsulo, loko wake n'kumubisa m'kabokosi koti nyundo isamufike.

Mayi akewo anali atayamba kuiwalaiwala. Ankatuluka n'kusochera, tsiku lina mpaka anakapezeka kudepoti. Ndiye m'mawa uliwonse, ana akapita kusukulu, ankawasiyira chakudya ndi wailesi n'kuwakhomera m'nyumba. Sikuti inali nkhanza ayi, mayi ake ankawakonda. Makiyi anali awiri, wina wake, wina wa mkazi wake, amene ankagulitsa nsapato pafupi ndi shedi imene bamboyo ankagwirira ntchito, tsidya lina la mtsinje.

Dzinja litayandikira, a khonsolo anayenda khomo ndi khomo kuchenjeza anthu za madzi osefukira. Mayi wina wa m'gululo ataona nyumbayo anagwira pakamwa.

"Bambo, madzi atabwera mungatulukire pati? Dulani zitsulo za windo limodzi kuti lizitseguka. Ndipo agogowa musamawakhomere. Zikavuta, muzisiya kiyi kwa aneba."

"Mayi, inu mukuopa madzi, ine ndikuopa anthu," anayankha a Sizithyoka. "Zaka khumi ndi ziwiri ndili pano, madzi sanafikepo ndi pakhonde pomwe. Wakuba ndiye anafika mpaka kuchipinda."

Mkazi wake anayesanso. "Bambo a ana, tisiyeko kiyi kwa a telala apawa. Mayi amenewa amasoka zovala pakhomo pawo tsiku lonse."

"Kiyi wa nyumba yanga kwa munthu? Iyayi. Windolo ndidula Loweruka."

Maloweruka anadutsa asanu ndi limodzi. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Kenaka mvula inagwa masiku atatu kumapiri. Lachinayi kunacha bwinobwino, dzuwa lili phwee, aliyense anapita kuntchito. Cha m'ma 11 koloko mtsinje unabwera utasenza mitengo, mlatho n'kukokoloka. Foni ya a Sizithyoka inalira. Anali a telala.

"Achimwene, madzi alowa m'nyumba! Makiyi ali kuti?"

Anapisa m'thumba n'kumukhudza kiyiyo. Mkazi wake anafika akuthamanga, winayo ali m'manja.

Bamboyo anathamangira kumtsinje. Apolisi anali atatchinga kale msewu, ndipo atafuna kudziponya m'madzi, amuna atatu anamugwira n'kumukhazika pansi. Tsidya linalo madzi anali atazungulira kale nyumba. Anaimbanso foni.

"Thyolani loko!"

"Anyamata ayesa ndi nyundo, sakumufika."

"Dulani zitsulo za windo!"

"Magetsi azima, makina sakuyaka. Sowo yathyoka kachiwiri."

"Lowerani padenga!"

"Malata takanganula kale, achimwene. Koma pali zitsulo zanu zija."

Anagwira njakata. Chilichonse chimene ankalamula, yankho lake ankalidziwa asanamve, chifukwa chitsulo chilichonse anachisankha yekha, n'kuchiwotcherera kawiri.

A telala analowetsa foni pawindo kuti bamboyo alankhule ndi mayi ake.

"Mwanawe, ndani wasiya mpopi wosatseka? M'nyumba monse muli madzi."

"Amayi, kwerani patebulo."

"Patebulo podyera? Anthu aziti chiyani? Bwera udzanditsegulire, ndikumva kuzizira."

"Ndikubwera, amayi."

Anatero akudziwa kuti akunama.

Aneba anayamba kugumula khoma ndi piki, koma madzi anali atafika m'chiuno, akukoka. Mmodzi anakokoloka, anzake n'kumuwakha ndi malaya, zitatero anthu anayamba kuthawira kumtunda. A telala anatsala okha pawindo atagwira dzanja la agogo aja, mpaka amuna awo anachita kuwakoka. Atafika pouma anaimba.

"Achimwene, mutikhululukire. Talephera."

A Sizithyoka anakhala m'matope n'kulira ngati mwana. Anthu ambirimbiri anali pamenepo, apolisi, madalaivala, amalonda, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kuchitapo kanthu. Zinali zomvetsa chisoni, abale.

Bwato linawaolotsa m'mawa mwake. Mayi awo anawapeza kuchipinda cha ana, atagwera pambali pa wodilobu, atatisiya kale. Pamwamba pa wodilobuyo panali makope a adzukulu awo, mayunifolomu osinthira ndi nsapato zawo, zitaikidwa bwinobwino, zonse zouma. Munthu woti mayina a ana ake ankawaiwala, anakumbukira kuti makope a ana asanyowe.

Phunziro: Nyumba imene wakuba sangalowe, onetsetsani kuti mwini wake angathe kutulukamo. Musakhomere okalamba, odwala kapena ana m'nyumba makiyi onse ali kutali. Siyani windo limodzi loti lingathe kutseguka, kiyi wina akhale kwa mnansi amene mumamukhulupirira, ndipo banja lonse lidziwe kothawira. Akakuchenjezani za madzi, musati Loweruka, chitani lero lomwe. Tumizani nkhaniyi kwa abale ndi anzanu mvula isanayambe, makamaka aja akungoti kwathu madzi safika.