Helemeti ya Kambuku

Panali munthu wina wa kabaza amene anzake pa siteji ankamutcha Liwiro. Helemeti yake itaduka lamba, mkazi wake anamuumiriza kuti akafunse nzeru kwa mchimwene wa mkaziyo, makaniko wa njinga zamoto, asanagule ina.

"Alamu, helemeti sagula ndi maso," anatero makaniko uja akupukuta oyilo m'manja. "Muivale, mumange lamba, mupukuse mutu. Ikamavina yokha, si yanu. Ndipo imene inamenyekapo pangozi yatha ntchito, ngakhale iziwala ngati galasi. Mawa ndikuperekezani ku sitolo."

Liwiro anavomera ndi pakamwa pokha.

Masana a tsiku lomwelo, pa siteji panatulukira bambo wina atavala jekete dzuwa likuswa mtengo, thumba lili paphewa. Anayang'ana uku ndi uku, kenako n'kusolola helemeti yakuda, yonyezimira, yokhala ndi sitika ya kambuku pamwamba pa khutu lakumanzere.

"Bwana, katundu wakunja uyu. Theka la mtengo wa m'sitolo."

"Ndiiyeze kaye."

"Yezani msanga, pali wina akuidikira."

Liwiro ataivala, inatsika mpaka m'zikope. Atapukusa mutu, iyo inatsalira m'mbuyo.

"Yakula iyi."

"Aa, muzivalira kachipewa kaubweya mkati, basi. Mutu nawo umafuna mpweya."

Bamboyo ankalankhula ndi Liwiro koma maso ali kumsewu. Liwiro anaona kuti ngodya ya sitika yatukuka pang'ono. Atati aikande ndi chikhadabo, bamboyo anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Osamukanda kambuku, amaluma!"

Siteji yonse inafa nacho chiseko. Mtima wa Liwiro unakayika, koma anzake anali atayamba kale kuisirira, wina mpaka kufunsa ngati m'thumbamo mwatsala ina. Analipira. Pamene ankadzutsa maso, wajekete uja anali atasowa ngati utsi.

Kunyumba mkazi wake anaitembenuza, anaisuzumira, kenako anainunkhiza.

"Yatsopano?"

"Ya m'pepala."

"Pepala lake lili kuti?" Analowetsa zala mkati n'kutulutsa tsitsi limodzi loyera. "Bambo a mwana, ndiyankheni ndagi iyi: kabadwa lero koma kali ndi imvi."

"Iwe, bweretsa kuno."

"Ikununkha penti ndi mafuta a m'mutu mwa munthu wina. Nanga kambukuyu bwanji ali mbali imodzi yokha? Akubisa chiyani? Tiyeni nayo kwa achimwene akaione."

"Achimwene akowo akaiona ayamba ulaliki mpaka dzuwa kulowa. Ine si mwana."

Mkaziyo atatuluka kukaanula zovala, Liwiro anaigogoda ndi chala. Kumanja inalira bwino. Pa kambuku paja inalira ngati kapu yong'aluka. Anagogodanso. Kenako anaipachika pa msomali, kambuku atayang'ana kukhoma, n'kudziuza kuti zakunja zimalira choncho.

M'mawa, makaniko ataimba foni za ku sitolo kuja, Liwiro anangoti, "Zatheka kale, alamu," n'kudula.

Tsiku lachitatu, atangotsitsa kasitomala pafupi ndi msika, galu anadumphira mumsewu. Liwiro anaponda buleki, tayala linaterereka pamchenga. Sankathamanga n'komwe, njinga inangosupuka penti. Koma helemeti yaikulu ija inatembenuka m'mutu, mbali ya kambuku inamenya simenti ya ngalande, ndipo inang'ambika pakati ngati chigoba cha dzira.

Anatsitsimuka m'chipatala patapita masiku awiri. Khutu lakumanzere linali litagontha, ndipo akati aimirire, chipinda chinkazungulira. Adokotala anati za kabaza aiwale.

Makaniko anabwera kudzamuona, m'manja muli jumbo ya zidutswa za helemeti zimene anzake a Liwiro a pa siteji anatola. Anakhala pamphepete pa bedi, mlongo wake ali chiimire. Anamatula kambuku uja pang'onopang'ono. Pansi pake panali mng'alu wakale, womatidwa ndi guluu n'kupakidwa penti. Atasolola kansalu ka mkati, manja ake anaima. Pa chinkhupule cholimba cha pansi pa kansaluko panali mtanda wokandidwa ndi msomali.

"Mtanda uwu ndinalemba ndine," anatero motsitsa mawu. "Inali ya mdala wina, kasitomala wanga, amene anawombana ndi lole mwezi watha. Zogwa pangozi zonse ndimazilemba chonchi ndisanazitaye kuseri kwa galaja. Wina anakaitola kudzala."

"Imvi ija," ananong'ona mkazi wa Liwiro, atagwira pakamwa.

"Mukanangodutsa nayo kwa ine, alamu. Mphindi imodzi yokha."

Liwiro ankaona milomo ya mlamu wake ikugwedezeka, koma makanikoyo anali atakhala mbali yakumanzere. Anatembenuza mutu movutikira, n'kupereka khutu limene linatsala.

"Mwati bwanji, alamu?"

Akuti kuchokera tsiku limenelo, makaniko uja salembanso mitanda. Helemeti yogwa pangozi amaiphwanya ndi hamala asanaitaye.

Phunziro: Helemeti ya m'thumba la munthu wosamudziwa mbiri yake simuidziwa. Gulani pamalo pamene mungabwererepo, iyezeni, mangani lamba, ndipo yaikulu musaikwanitse ndi kachipewa. Wogulitsa akakukanizani kuona pansi pa sitika, musiyireni katundu wake. Mtima ukakayika, kapena wa kunyumba akakayika, kaonetseni kwa odziwa musanakwere. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense wokwera njinga yamoto amene mumafuna kuti azifika kunyumba ali wamphumphu.