Nyali Yobiriwira Inayaka Mochedwa

Panali munthu wina, wokonza mawotchi, amene ankasunga bambo ake okalamba pakhomo pake. Madalawo analibe chuma china koma galamafoni yakale ndi mbale imodzi, ya nyimbo imene anavina ndi malemu akazi awo tsiku la ukwati. Miyendo itakana, ankangokhala pampando pafupi ndi zenera n'kumapempha kuti awaikire mbaleyo.

Tsiku lina kushopu kwake kunabwera kasitomala wothyakula. Anamuuza kuti singano ya galamafoni ikapendekeka pang'ono imadya mbale, ndipo ndi maso sungaone. Pamafunika kachipangizo kamagetsi kamene kamayatsa nyali yobiriwira singano ikakhala bwino. Mwana uja anazimeza zonse, paja mawu a mlendo amatsekemera kuposa a kholo. Anaitanitsa chipangizocho, ndipo atafika kunyumba anatsekera mbale ija m'kabati.

"Mbale yanga ili kuti, mwanawe?"

"Ndikukusungirani, bambo. Singano yapendekeka, ikuiwononga. Dikirani chipangizo chifike."

"Makutu angawa anapendekeka kalekale. Ingondiikira, tipendekekere limodzi."

Mwanayo anaseka, koma kabati sanatsegule.

Chipangizo chinachedwa kufika. Chitafika, nyali yake inkangoyaka yofiira. Mwanayo akaweruka kuntchito ankakhala patebulo ndi timasipanala take, kupotoza uku, kubweza uku, bambo ake akumuyang'ana kumsana. Mkazi wake anamuuza kuti apongozi akungolawa chakudya masiku ano, awaikire nyimbo yawo ngakhale kamodzi, mbale singathe tsiku limodzi. Iye anati za makina azisiyire eni ake. Madalawo anapempha, anapemphanso, kenako anasiya. Nkhalamba ikasiya kupempha, ana amati yamvetsa.

M'mawa wina mpongozi akubweretsa tiyi anawapeza atatsamira zenera, atapita.

Maliro atatha, anthu atabalalika, munthu uja anabwerera patebulo paja poti manja analibe chochita. Anangopotoza kamodzi, nyali n'kuyaka yobiriwira. Anatulutsa mbale m'kabati, naiika. Mkazi wake anaima pakhomo, tsache lili m'manja, namvetsera mpaka nyimbo inatha.

"Ine ndikumva ngati kale lomwe," anatero. "Kapena inu mukumva kusiyana, bambo a mwana?"

Akuti mbaleyo ilipobe, yosakandika ngakhale pang'ono. Palibe amaiika.

Phunziro: Ngati chipangizocho n'choyenera kugula, gulani, ndalama ndi zanu. Koma mbale imadikira, nkhalamba sidikira. Kholo likapempha kanthu kake komwe, lipatseni lero makutu akadamva, musalisungire. Tumizani nkhaniyi kwa ana onse amene amasamala katundu wa makolo kuposa makolowo, aiwerenge mpando uja usanakhale wopanda munthu.