Foni Yotchajitsa kwa Ometa

Uthenga unalowa Felista ali yekhayekha m'munda wa mpunga ku Bwanje, akuingitsa mbalame. Nambala yake inali yachilendo.

"Diresi yofiira ija imakukhala bwanji! Ubwere wekha madzulo, ndidzakutchajira ulere."

Diresiyo Felista anali asanatuluke nayo panja. Anangoivala m'nyumba n'kudzijambula, kuti amayi ake, amene ankagwira ntchito ku Joni, aone kuti yamukwana. Chithunzicho chinali mufoni mokha, ndipo dzulo lake foniyo inaswera pa shelefu ya bambo wometa tsitsi pa Golomoti, pomwe mudzi wonse umatchajitsa. Bamboyo anali ndi ana aakulu kuposa Felista.

Kuwauza azakhali amene ankamusunga? Yankho lawo ankalidziwa kale: "Sindinanene ine kuti foni si ya ana? Bweretsa kuno!" Ndiye mawu a amayi ake azidzawamvera pati?

Batire inali itafiira kale. Mbalame zinatera pa mpunga, iye osakweza ndi dzanja lomwe.

Foni inalira. Anali amayi.

"Feli mwanangu, bwanji ukuyankhula ngati wodwala? Wadya koma?"

"Ndadya."

"Nanga azakhali ako akukusunga bwino?"

Felista anamwaza maso munda wonse. Munalibe munthu.

"Amayi, pali bambo wina..."

"Wati chiyani? Kweza mawu, kuno kuli phokoso la magalimoto."

Foni inazima.

Felista sanaichotse kukhutu. Inali ikadali yofunda, ndipo iye anapitiriza kufotokoza pang'onopang'ono, zonse, mpaka kumapeto.